Intaneti ya m'mawaya a magetsi ndi Wi-Fi: kugogoda paipi kapena kukuwa

Pali mamita ena a magetsi olipiriratu amene anawagawa pawiri. Mita yeniyeni ili pamwamba pa polo kapena m'bokosi lokhoma panja, ndipo m'nyumba mwangotsala kachipangizo ka mabatani kamene mumabaya pa soketi mukafuna kulowetsa mayunitsi. Mumadina manambala 20 aja, kachipangizo n'kukhala chete pang'ono, kenako mayunitsi alowa. Pa mtundu umenewu wa mita palibe chingwe chapadera chochokera m'nyumba kupita pa polo. Manambala aja amayenda m'mawaya omwewo amene amabweretsa moto wophikira nsima. N'chifukwa chake kachipangizoka kakakanika kulumikizana ndi mita, odziwa amakuuzani kuti muzimitse zinthu zina m'nyumba, kapena mukabaye pa soketi ya pakhoma, osati pa ekisitenshoni.

Nzeru yomweyi ndi imene ili m'timabokosi tiwiri totchedwa powerline, timene timapezeka m'masitolo a zamakompyuta. Kamodzi mumakabaya pa soketi pafupi ndi rauta, n'kukalumikiza ku rautayo ndi kachingwe kafupi ka netiweki. Kachiwiri mumakabaya ku chipinda chimene Wi-Fi safikako, n'kulumikizako kompyuta kapena TV. Simubowola khoma, simukwera kudenga. Mawaya amene wamagetsi anakwirira m'khoma pomanga nyumba ndiwo asanduka njira ya intaneti. Anthu amafunsa ngati zimenezi zimaposa Wi-Fi, ndipo yankho lake lili m'nyumba yanuyo, mmene anaimangira ndi mmene anaiyalira mawaya. Manambala a pa katoni sangakuuzeni, poti amene anawalemba nyumba yanu sanaionepo.

Vuto lenilenilo timalidziwa tonse. Marauta ambiri a kuno amalandira intaneti kudzera pa SIM khadi, choncho timawaika pawindo la pabalaza pamene netiweki ya foni imakoka bwino. Pabalazapo zonse zili bwino. Mukayamba kulowera ku zipinda zam'kati, timizere ta Wi-Fi pa foni timayamba kuthothoka kamodzikamodzi, ndipo mukafika kuchipinda chakumapeto kwatsala kadontho. Mwana wa sukulu wofuna kutsitsa manotsi amakaima pakhomo la kukhitchini, foni ili m'mwamba. Malonjezo olembedwa pa katoni ya rauta amayenerera nyumba ngati zambiri za ku America, zimene makoma ake am'kati ndi matabwa okutidwa ndi mabolodi opyapyala. Zathu n'za njerwa zootcha kapena mabuloko a simenti, zopakidwa pulasitala uku ndi uku, pamwamba pake konkire wokhala ndi zitsulo, m'mawindo zitsulo zotchingira akuba, padenga malata.

Taganizirani anthu awiri pakhomo limodzi, wina ali kukhitchini, mnzake ali pampopi kuseri kwa nyumba. Wa kukhitchini akafuna kumuuza mnzakeyo kanthu, angathe kukuwa. Mawu amapita ponseponse, sasowa njira, ndipo mnzakeyo angathe kumva ngakhale akuyendayenda. Koma khoma lililonse limadyako mawuwo, ndipo ngati aneba nawonso akukuwa, wina amayenera kudikira kapena kubwereza. Njira ina n'kutenga supuni n'kugogoda paipi yachitsulo ya madzi. Kugogodako kumayenda m'chitsulo, khoma sikuliona n'komwe, ndipo wa pampopi atagwira paipi amakumva bwinobwino. Koma paipi ija sanaiyalire mauthenga. Imatsata njira yake yokhotakhota, munthu akatsegula madzi mkokomo umakwirira kugogodako, pamene analumikiza ndi kachidutswa ka pulasitiki mawu amafera pomwepo, ndipo paipiyo siithera pakhomo panu, imapitirira mpaka kwa aneba. Wi-Fi ndi kukuwa kuja, powerline ndi kugogoda paipi.

Tiyambe ndi wokuwayo. Malamulo oyamba a netiweki yopanda zingwe imeneyi, otchedwa 802.11, anatuluka mu 1997 ndipo liwiro lake linali mamegabiti 2 pa sekondi. Dzina lakuti Wi-Fi linabwera mu 1999. Lero marauta ambiri amalankhula pa mafunde a mitundu iwiri, a 2.4 GHz ndi a 5 GHz. A 2.4 amafika patali ndipo amalimbako pokumana ndi khoma, koma m'menemo muli chithinithini. Tinjira timene sitilowererana tilipo titatu tokha, 1, 6 ndi 11, ndipo marauta onse a pa mdadada wanu akulimbirana timeneti, pamodzi ndi masipika a Bluetooth ndi uvuni wa microwave ngati ulipo. A 5 GHz ali ndi malo ambiri ndipo ndi achangu, koma akadutsa makoma awiri a njerwa mphamvu zawo zatha. Zitsulo zimabweza mafunde onsewa, madzi amawameza. Kalilole wamkulu wa pa wadilopu, firiji, ngakhale thanki ya madzi yoima pakati pa rauta ndi chipinda chanu, zonsezi zimadulako.

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa, ndipo chimayambitsa mikangano m'banja. Zipangizo zonse zolumikizidwa pa kanjira kamodzi ka Wi-Fi zimalankhula mosinthana, china chikamalankhula zina zimadikira. Foni imene ili kutali, yolandira mawu ofooka, rauta imaiyankhula pang'onopang'ono ndiponso mobwerezabwereza kuti imve. Nthawi yonse imene ikuthera pa foni imeneyo, enawo ali pamzere. Motero munthu mmodzi woonera kanema kuchipinda chakumapeto angathe kuchedwetsa intaneti ya anthu amene akhala pafupi ndi rauta pabalaza. Iwo amadandaula kuti kampani ya mafoni ikuwadyera bandulo, osadziwa kuti vuto lili m'nyumba momwemo.

Mankhwala amene ogulitsa amathamangira kukupatsani ndi kachipangizo kobwereza mawu, kotchedwa extender. Kamamva zimene rauta yanena n'kuzinenanso mokweza. Kamathandiza, koma ngati kali ndi wailesi imodzi yokha, kamayenera kumvetsera kaye kenako n'kulankhula, ndiye liwiro limatsika ndi theka kapena kuposerapo. Komanso anthu amakonda kukabaya m'chipinda chomwecho chimene Wi-Fi safikamo, mmene kalibe choti kamve. Foni imaonetsa timizere todzaza chifukwa ili pafupi ndi kachipangizoko, koma tsamba silitseguka. Malo ake ndi pakatikati, pamene mawu a rauta akadali omveka. Marauta a mesh, amene amabwera awiri kapena atatu n'kumagwira ntchito limodzi, amachita bwino kuposa pamenepa, koma mtengo wake ndi wokwera, ndipo nawonso akamalankhulana okhaokha kudzera mumpweya amakumana ndi makoma omwe aja.

Tsopano wogogoda paipi. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230, ndipo amasinthasintha ka 50 pa sekondi. Kabokosi ka powerline kamaponya m'mawaya omwewo timafunde tating'ono kwambiri, tosinthasintha kuyambira ka 2 miliyoni mpaka ka 30 miliyoni pa sekondi, ndipo timabokosi tatsopano timafika ku 86 miliyoni. Kusiyana kwake n'kwakukulu kotero kuti ketulo ndi simbi sizimva kanthu, ndipo kabokosi ka kutsidya kamasefa moto wamphamvu uja n'kutola timafunde tokhatokha. Malo amenewa kamawagawa m'tinjira toposa 1,000, ndipo nthawi ndi nthawi timabokosi tiwirito timayesa kanjira kalikonse. Kamene kali ndi phokoso timakasenzetsa katundu wochepa kapena kukasiya kumene, kamene kali koyera timakadzaza. N'chifukwa chake liwiro la powerline limakwera ndi kutsika malinga ndi zimene zayatsidwa m'nyumba.

Luso limeneli si latsopano. Makampani a magetsi ankatumiza mawu a lamya m'mawaya awo akuluakulu kuyambira m'zaka za m'ma 1920. Mu 1975 kampani ya Pico Electronics ya ku Scotland inapanga X10, njira yoyatsira ndi kuzimitsira nyale kudzera m'mawaya a m'nyumba. Za makompyuta zinayamba kukhazikika pamene makampani anapanga mgwirizano wa HomePlug mu 2000. Mtundu woyamba, wa mu 2001, unkalonjeza mamegabiti 14 pa sekondi, HomePlug AV wa mu 2005 unafika pa 200, ndipo AV2 wa mu 2012 ndi umene lero mumaona utalembedwa 1000 kapena 2000 pa katoni.

Manambala amenewa musawakhulupirire monga alili. Amawerengera zonse zimene zingayende m'waya wabwino, waufupi, wopanda phokoso, kuphatikizapo mauthenga amene timabokosi timatumizirana tokhatokha pokonza zolakwika. Chimene chimafika pa kompyuta yanu nthawi zambiri sichikwana n'theka lomwe. Mukagwira kabokosi m'manja, kazondotseni muone kabowo kolowetsa chingwe cha netiweki, ndipo muwerenge timalemba tating'ono ta m'mbali mwa katoni. Timabokosi tina tolembedwa 500 kapena 600 kutsogolo, kabowo kake n'ka mamegabiti 100 basi. Palibe mmene mungadutsire 100 pamenepo. Opanga marauta nawo amachita zofanana: amaphatikiza liwiro la 2.4 ndi la 5 GHz n'kulemba nambala imodzi yaikulu imene foni imodzi singailandire.

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene ndalama za anthu zimatayikira. Khoma limaoneka. Mungathe kuima pabalaza n'kuwerenga kuti pakati pa rauta ndi chipinda pali makoma atatu. Mawaya saoneka, ndipo ambiri a ife sitidziwa mmene anayendera. Zipinda ziwiri zingathe kugawana khoma limodzi, soketi iyi ili kuseri kwa inzake, koma zili pa mabuleka osiyana. Zikatero uthenga umachoka pa soketi yoyamba, umayenda mpaka ku bokosi la mabuleka, umadutsa buleka ina, umalowa inzake, n'kubwereranso ulendo wonsewo. Buleka iliyonse, mfundo iliyonse, nthambi iliyonse yopatukira ku soketi ina zimadyako mphamvu. Opanga amati timabokosi timafika mamita 300 a waya, koma amenewo ndi mamita a waya wabwino.

Nanga mawaya athu ndi abwino? Nyumba zambiri zimamangidwa pang'onopang'ono, chipinda china chaka chino, khitchini chaka chinacho, ndipo wamagetsi wa chigawo chilichonse ndi wosiyana. Mukakwera kudenga la nyumba zoterezi mumapeza mawaya opotedwa ndi pulayala n'kukulungidwa ndi tepi yakuda imene yayamba kumatuka ndi kutentha kwa malata, waya wonenepa atalumikizidwa ndi woonda, ena makoswe atawaseteka. Nyale imayakabe, firiji imalirabe, ndiye palibe amene amadandaula. Koma timafunde ta intaneti tikafika pa mfundo yotere, tina timabwerera kumene tachokera, tina timangotayika. Pali nkhaninso ya waya wachitatu, wa efi, wopita pansi. Timabokosi ta AV2 tothamanga kwambiri timagwiritsa ntchito mawaya onse atatu kuti titumize mauthenga awiri nthawi imodzi. Ngati wamagetsi sanalumikize efi pa soketiyo, zimene zimachitika kawirikawiri kuposa mmene timaganizira, kabokosi kodula kaja kamagwira ntchito ngati kotchipa. Ndipo soketi yopanda efi ndi yoopsa kwa munthu wogwira ketulo, intaneti ilipo kapena ayi.

Nyumba zikuluzikulu, malodji ndi maofesi ena amalandira magetsi a mafezi atatu, ndipo masoketi amagawidwa pa mafeziwo. Timabokosi tikagwera pa mafezi osiyana, uthenga umadumpha movutikira pamene mawaya ayandikana, nthawi zina sudumpha n'komwe. Wamagetsi angathe kuika kachipangizo kolumikiza mafeziwo mu bokosi la mabuleka, koma pofika pamenepo phindu lija lakuti mungobaya n'kuyamba kugwiritsa ntchito latha.

Phokoso la m'mawaya limachokera ku zinthu zimene sitingaziganizire. Mdani wamkulu ndi tchaja ya foni yotchipa, yopepuka ngati mulibe kanthu m'kati, chifukwa opanga anachotsamo tizipangizo tosefa phokoso kuti mtengo utsike. Mababu ena osunga magetsi amachita chimodzimodzi. Mota ya firiji ikamadzuka, makina ometera, choumitsira tsitsi, pampu ya madzi, makina osokera a magetsi, zonsezi zimalavulira phokoso m'mawaya. Ngati kuseri kwa mpanda kuli wowotcherera zitsulo, naye mumumva. Masana nyumba ili zii intaneti imathamanga, madzulo aliyense akabaya tchaja yake n'kuyatsa nyale, liwiro limagwa, ndipo imeneyo ndi nthawi yomwe anthu akufuna kuonera mpira.

Ndiye pali ekisitenshoni. Kabokosi ka powerline kamafuna soketi ya pakhoma. Maekisitenshoni okhala ndi chitetezo cha magetsi obwera mwamphamvu amaona timafunde ta intaneti ngati litsiro loyenera kusefedwa, ndipo amatisefadi. Ngakhale opanda chitetezo amafooketsa uthenga, makamaka ngati pabayidwanso matchaja atatu. M'nyumba zimene chipinda chili ndi soketi imodzi yokha, ili ndi vuto lenileni, ndipo njira yake n'kugula mtundu wa kabokosi kokhala ndi soketi yake kutsogolo. Ekisitenshoni mumaibaya pa kabokosiko, ndipo sefa ya m'kati mwake imatchinga phokoso la zinthu zanu kuti lisalowe m'khoma. Koma dziwani kuti kabokosi kameneka kakhala kopanda chitetezo. Nyengo ya mvula ikafika, ziphaliwali zikayamba, kazuleni monga muchitira ndi TV, chifukwa mphenzi ikalowa m'kabokosi ingathe kutsata chingwe cha netiweki mpaka mu rauta ndi mu kompyuta.

Nkhani ya kuzimazima kwa magetsi ndi imene imandichititsa kukayika kulimbikitsa powerline kwa anthu ambiri a kuno. Amene anadutsa m'miyezi ya mdima namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, kapena abale athu a ku Zambia amene anakhala maola ochuluka opanda magetsi madzi atatsika ku Kariba mu 2024, anaphunzira kusunga intaneti ndi kabatire kakang'ono. Rauta imadya moto wochepa, wa mavoti 12 kapena ocheperapo, ndipo kabatire kotere kamaisunga maola angapo. Foni ndi laputopu zili ndi mabatire awo. Choncho magetsi akazima Wi-Fi imapitirira. Timabokosi ta powerline timadya moto wa m'soketi momwemo, magetsi akapita nato tapita. Ena amati inveta ithetsa zimenezi, koma wamagetsi poika inveta nthawi zambiri amapatula nyale ndi masoketi ochepa n'kuziika pa inveta, zotsalazo n'kuzisiya ku magetsi a kampani. Kabokosi kena kakakhala mbali iyi, kena mbali inayo, uthenga uyenera kudutsa mu inveta, ndipo kawirikawiri sudutsa. Mainveta otchipa nawonso ali ndi phokoso lawo lalikulu.

Za chinsinsi, njira zonse ziwiri zimatuluka kunja kwa nyumba yanu. Za Wi-Fi aliyense akudziwa, n'chifukwa chake timaika mawu achinsinsi, ndipo rauta iyenera kukhala pa WPA2 kapena WPA3, osati WEP yakale imene akatswiri anaithyola kalekale mu 2001. Za powerline anthu amaganiza kuti poti zili m'khoma ndiye kuti zabisika. Mita ya magetsi imafooketsa uthenga koma siutsekeratu, ndipo pa mapoloti amene nyumba zingapo za lendi zimadya pa mita imodzi palibe chotchinga chilichonse. Timabokosi ta HomePlug AV ndi AV2 timabisa uthenga ndi loko wamphamvu wa AES 128, koma tambiri timachoka ku fakitale ndi kiyi wofanana kuti tizindikirane mosavuta. Neba akagula kake n'kubaya, angathe kupezeka ali pa netiweki yanu akudya bandulo yanu, iye osadziwa n'komwe. Pa kabokosi kalikonse pali kabatani kolumikizira. Mukadina pa koyamba, n'kudinanso pa kachiwiri pasanathe mphindi ziwiri, timapangana kiyi watsopano wa ito tokha. Chitani zimenezi tsiku loyamba.

Mawaya a magetsi alibe chokuta chotsekereza mafunde, ndiye timafunde ta powerline timatayikira mumpweya. Malo amene timagwiritsa ntchito ndi omwewo a wailesi za shortwave, ndipo ku Britain okonda wailesi zimenezi anadandaula kwa zaka zambiri ku bungwe la Ofcom. Opanga anayamba kudumpha tinjira tina kuti achepetse vutoli. Malire a 86 miliyoni aja anawaika pamenepo chifukwa wailesi za FM zimayambira pa 87.5. Ngati pakhomo pali agogo amene amatsatabe nkhani za kunja pa shortwave, adzamva kusokosa.

Pogula, makamaka ngati akukutumizirani achibale a kunja, pali zinthu ziwiri zoyang'ana. Timabokosi tochokera ku Britain tili ndi mano atatu amakona anayi ofanana ndi masoketi a ku Malawi ndi ambiri a ku Zambia, ndiye timalowa mwachindunji. Tochokera ku South Africa, ku Germany kapena ku America timafuna adaputala, ndipo imeneyo ndi mfundo ina yotayirapo mphamvu. Chachiwiri, mitundu ilipo iwiri yosamvana. Kupatula HomePlug pali G.hn, imene makampani ena monga Devolo ya ku Germany anasamukirako pa katundu wawo watsopano. Ka HomePlug ndi ka G.hn sitilankhulana, ndipo tikakhala m'nyumba imodzi timasokonezana. Gulani tiwiri ta m'katoni imodzi.

Kodi liwiro lonseli n'lofunikadi? Intaneti ya m'nyumba singathamange kuposa imene ikulowa kuchokera kunja. Ngati SIM khadi yanu imakupatsani mamegabiti 10 kapena 20 madzulo, kabokosi kopereka 40 kakukwanirani, ndipo kanema wooneka bwino amangofuna pafupifupi 5. Chofunika kwambiri n'kusadukaduka. Munthu wolankhula ndi mwana wake wa ku Johannesburg pa vidiyo ya WhatsApp, kapena woyesedwa ntchito pa Zoom, chimene chimamupweteka ndi chithunzi kuuma mawu n'kuduka pakati pa chiganizo. Pamenepa powerline yoyenda m'mawaya abwino imaposa Wi-Fi yofooka ya kuseri kwa makoma atatu, ndipo kusiyana kwake kumamveka. Zinthu zimasintha kwa amene ali ndi faiba kapena Starlink, imene inafika ku Malawi ndi ku Zambia mu 2023 ndipo imatha kupitirira mamegabiti 100. Kwa iwo kabokosi kofooka kamataya liwiro limene alipira kale.

Tisaiwalenso kuti foni ilibe kabowo ka chingwe cha netiweki, ndipo ambiri a ife intaneti timaionera pa foni. Choncho ngakhale mutasankha powerline, kumapeto kwake Wi-Fi idzafunikabe. Timabokosi tabwino pa ntchitoyi ndi timene kachiwiri kali ndi Wi-Fi yakeyake: uthenga umadutsa makoma m'mawaya, ukafika kuchipinda n'kutulukira mumpweya, pafupi ndi foni.

Munthu akandifunsa choti achite, ndimayamba ndi chosalira ndalama. Chotsani rauta pansi, kuseri kwa TV kapena m'kabati, muiike pamwamba, chapakati pa nyumba, poyang'anana ndi zitseko. Nyumba zambiri za zipinda zitatu vuto limathera pomwepo. Zikakanika, ndipo nyumbayo ndi yanu, kokani chingwe chenicheni cha netiweki, cha Cat5e kapena Cat6. Chimanyamula mamegabiti 1,000 pa mtunda wa mamita 100, mawaya ake ndi opotana awiriawiri kuti phokoso lisalowe, sichisamala tchaja kapena firiji, ndipo mtengo wake nthawi zambiri sufika wa timabokosi tiwiri. Nyumba zathu zambiri n'zosasanja, ndiye chingwe chimangokwera kudenga pabalaza n'kutsikira kuchipinda, ntchito ya masana amodzi. Kumapeto kwake mungaike rauta yakale kuti izigawa Wi-Fi. Pogula chingwe, palani kawaya kamodzi ndi mpeni: kakaoneka koyera m'kati ndiye kuti ndi aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba, ndipo kameneko kamathyoka msanga. Chenjezo lili pa chingwe chochoka m'nyumba yaikulu kupita ku nyumba ina ya kuseri. Chimenecho chingathe kuitana mphenzi, ndipo chimafuna mtundu wa panja, wokwiriridwa m'paipi, ndi mmisiri wodziwa.

Powerline malo ake alipo, ndipo sindiinyoza. Wokhala nyumba ya lendi amene eni ake salola kubowola, wokhala nyumba yosanja imene pakati pake pali silabu ya konkire, wokhala m'nyumba zakale za miyala ku Britain kumene magetsi sazimazima, onsewa angapindule nayo, ndipo posamuka amangozula n'kuika m'chikwama. Koma gwirizanani ndi wogulitsa kuti mubweza ngati zikanika, chifukwa palibe amene angadziwiretu. Mukafika kunyumba, bayani tonse tiwiri m'chipinda chimodzi kaye, tilumikizane, kenako musamutse kachiwiri. Yesani liwiro madzulo, nyale zonse zili choyaka ndi matchaja ali m'malo mwawo, osati m'mawa nyumba ili yopanda anthu. Timabokosi tambiri tili ndi kanyale kosonyeza mphamvu ya ulumikizi, ndipo pa mitundu ina kamasintha kuchoka pa kobiriwira kupita pa kofiira zinthu zikaipa. Kakafiira, zulani matchaja imodziimodzi mpaka mupeze wolakwa, kenako yesani soketi ina ya m'chipinda chomwecho. Mukapeza kuti soketi imodzi ikukana pamene inzake yoyandikana nayo ikugwira bwino, itanani wamagetsi aitsegule. Nthawi zina mumapezeka sikuluwu yomasuka ndi pulasitiki yoyamba kuda ndi kutentha, ndipo soketi yotero iyenera kusinthidwa tsiku lomwelo.